Bungwe la Ayuda a m'Zambia ndi mlandu umene anauthawa

Mumzinda wa Livingstone muli nyumba ina yakale imene lero amapempheramo a Church of Christ. Munthu akaima pabwalo n'kukweza maso amaona nyenyezi ya nsonga zisanu ndi imodzi pamwamba pa khomo, ija amati nyenyezi ya Davide. Nyumbayo inali sunagoge. Mwala wa maziko ake unaikidwa mu 1928, koma mpingo wa eni ake unali utayamba kale mu 1910 ndi anthu 38 okha. Pambuyo pake masunagoge ena anamangidwa ku Lusaka, Ndola, Kitwe, Luanshya ndi Mufulira. Pofika mu 1978, anthu atachepa kwambiri, zotsala za mipingo yonseyi zinaikidwa m'manja mwa bungwe limodzi la ku Lusaka, lotchedwa Council for Zambia Jewry.

Kuno kwathu, kuyambira ku Msanzala kudzera pa boma la Petauke mpaka ku Nyimba, sikunamangidwepo sunagoge. Masitolo akale a kummawa kuno anali a Amwenye, pamene Ayuda anakhazikika kotsata njanji, ku migodi ndi kwa Alozi. Agogo athu ambiri anakalamba osamuonapo Myuda ndi maso. Komatu dzina lake ankalidziwa bwino lomwe. Linafika ndi amishoni a Dutch Reformed amene anatsegula Nyanje mu 1905 ndi Hofmeyr pambuyo pake, linafikanso ndi ansembe a White Fathers a ku Minga. Chaka ndi chaka pa Lachisanu Loyera timamva nkhani ya masautso a Yesu monga anailembera Yohane, ndipo dzina la Ayuda limabwerezedwabwerezedwa. Achinyamata akamachita sewero la Njira ya Mtanda, amene apatsidwa mbali ya Ayuda amadzikulunga zitenje kumutu, kunyamula zikoti ndi kukuwa mpaka mawu kusasa, ana aang'ono n'kumabisala kumbuyo kwa amayi awo. Mwana amabwerera kunyumba atagwira mutu umodzi, wakuti Ayuda ndiwo anapha Yesu. Amaunena wopanda chidani chilichonse, poti alibe Myuda woti amude. Koma mawu omwewa ndi amene anathamangitsa makolo a anthu a bungwe lija kwawo ku Ulaya.

Ayuda oyamba kudziwika bwino muno ndi anyamata awiri apachibale, Elie ndi Harry Susman, ochokera m'katauni ka Rietavas ku Lithuania. Anaoloka Zambezi mu 1901 kukagula ng'ombe m'dziko la Litunga Lewanika. Mliri wa ng'ombe wa 1896 unali utapulula makola kummwera, koma ng'ombe za m'chigwa cha Alozi zinapulumuka, tsono munthu wolimba mtima wotha kuziyendetsa wapansi mpaka ku Bulawayo ankapeza phindu. Anzawo amene anawatsatira anali a mtundu womwewo: osauka, olankhula Chiyidishi, odziwa malonda a ng'ombe, zikopa ndi nsalu. Lithuania pa nthawiyo inali pansi pa mfumu ya Russia, ndipo Ayuda ankaloledwa kukhala m'chigawo chimodzi chokha cha ufumuwo. Kuyambira mu 1881 midzi yawo inkaukiridwa kawirikawiri, ndipo nyengo imene ankaiopa koposa inali ya Pasaka ya Akhristu.

Zimene zinachitika ku Kishinev mu April 1903 zikuonetsa chifukwa chake. Mnyamata wina wachikhristu anapezeka ataphedwa m'tauni ya Dubossary. Nyuzipepala ya Bessarabets inayamba kulemba kuti Ayuda ndiwo amupha pofuna magazi ake. Pa tsiku la Pasaka, anthu atangotuluka m'matchalitchi, chipwirikiti chinabuka. Ayuda 49 anaphedwa, akazi ambiri anagwiriridwa, nyumba ndi masitolo mazanamazana zinaphwanyidwa. Kafukufuku anadzaonetsa kuti amene anapha mnyamatayo anali wachibale wake. Ife a kuno bodza la magazi sitifuna wotimasulira. Mphekesera ya banyama inazunguza dziko lino m'zaka za m'ma 1930, mpaka ansembe a White Fathers a kumpoto ananenedwa kuti amapopa anthu magazi. Mu 2017 anthu osalakwa anaphedwa ku Mulanje ndi madera oyandikana nawo powaganizira kuti ndi anamapopa, ndipo mu 2020 muno m'Zambia ena anatenthedwa amoyo chifukwa cha nkhani ya gasi. Kusiyana kwake n'kwakuti mphekesera zathuzi zimabuka n'kuzilala, pamene ya Ayuda inakhala zaka mazana asanu ndi atatu, kuyambira ku Norwich ku England mu 1144, chifukwa inali ndi tsinde lake paguwa.

Tsindelo ndi lakale. Yesu anali Myuda, amayi ake Maria anali Myuda, Petro, Yohane ndi Paulo chimodzimodzi. Kupachika munthu pamtanda chinali chilango cha Aroma, ndipo Chikhulupiriro cha Atumwi chimene timanena Lamulungu chimatchula Pontio Pilato, sichitchula mtundu wa anthu. Mabuku a Uthenga Wabwino analembedwa pamene otsatira Yesu ndi Ayuda anzawo anali pa mkangano wa pachibale, wolimbirana tanthauzo la malemba awo omwe. Mawu okalipa amene munthu amalankhula kwa mbale wake anadzagwera m'manja mwa anthu a mitundu ina, ndipo iwowa anawawerenga ngati chigamulo pa mtundu wonse. Cha m'ma 160, Melito, episkopi wa ku Sardis, analalikira pa Pasaka kuti Israeli wapha Mulungu. Mu 386 ndi 387 Yohane Chrysostom analalikira maulaliki asanu ndi atatu ku Antiokeya onyoza masunagoge, pokwiya kuti Akhristu ake ena ankapitabe ku zikondwerero za Ayuda. Vesi ya Mateyo 27:25, m'mene khamu limadzisenzetsa mlandu pamodzi ndi ana ake, inasanduka chikalata cha ngongole yosatha, ngakhale kuti Ezekieli 18 amakana kuti mwana asenze tchimo la atate ake, ndipo Paulo pa Aroma 11 amakana kuti Mulungu anataya anthu ake.

Mpingo utagwirana manja ndi mafumu, ulaliki unasanduka lamulo. Mu 1096 ankhondo a mtanda, asanafike n'komwe ku Yerusalemu, anapha Ayuda a ku Worms ndi Mainz. Msonkhano wa Lateran wa mu 1215 unalamula kuti Ayuda azivala mosiyana ndi Akhristu. England inawapirikitsa mu 1290, Spain mu 1492. Ife a Reformed tisaloze chala Akatolika okha ayi: mu 1543 Martin Luther analemba kabuku kolimbikitsa kuti masunagoge atenthedwe ndipo aphunzitsi a Ayuda aletsedwe kuphunzitsa.

Chidani cha Hitler chinali cha mtundu wina. Iye sankasamala za chipembedzo, ankati vuto lili m'magazi a Myuda, n'chifukwa chake ngakhale Ayuda obatizidwa anaphedwa. Komabe anapeza anthu atazolowera kale kumva kuti mtundu umenewu ndi wotembereredwa, ndipo sanavutike kupeza omuthandiza kapena ongoyang'ana kumbali. Julius Streicher, mkonzi wa nyuzipepala yonyoza Ayuda, poweruzidwa ku Nuremberg mu 1946 anadziteteza potchula dzina la Luther.

M'zaka zimenezi makomo anali kutsekedwa limodzilimodzi. Ku South Africa, kumene Ayuda ambiri a ku Lithuania ankapita, lamulo la 1930 linachepetsa kwambiri olowa kuchokera kummawa kwa Ulaya. Amene analibweretsa ku nyumba ya malamulo anali D. F. Malan, mbusa wakale wa Dutch Reformed amene anadzakhala mtsogoleri woyamba wa boma la tsankho mu 1948. Lamulo lina la 1937 linatsekereza othawa ku Germany. Mu July 1938 mayiko 32 anakumana ku Evian ku France kukambirana za othawawo, koma pafupifupi onse anabwerako atapereka zifukwa zokanira. Boma la Britain linaganizapo zokhazika mabanja a Ayuda muno mu Northern Rhodesia, ndipo dera la Mwinilunga linatchulidwa. Azungu okhala muno anakana kwamtuwagalu. Ena ankaopa mpikisano pa ntchito ndi malonda, ena anali ndi chidani chomwe chija anabwera nacho kuchokera kwawo. Eni nthaka sanafunsidwe n'komwe. Mapeto ake analowa anthu pafupifupi 300 okha ochokera ku Germany ndi Austria, m'dziko lalikulu kuposa France. Ayuda 6 miliyoni anaphedwa ku Ulaya nkhondo isanathe mu 1945.

Mmodzi mwa amene analowa khomo lisanatsekeke anali mnyamata wa zaka 13, Simon Zukas, wobadwira ku Ukmergė ku Lithuania mu 1925. Anafika mu 1938 kutsatira bambo ake ku Ndola. Patangopita zaka zitatu, mu 1941, Ayuda a m'tauni ya kwawo anatengedwa kupita kunkhalango yapafupi n'kuomberedwa zikwizikwi. Abe Galaun nayenso anachoka ku Lithuania nkhondo ili pakhomo, nayamba malonda a ng'ombe ku Mongu, ndipo anadzakhala mmodzi mwa odyetsa Lusaka nyama ndi mkaka. Sunagoge ya ku Lusaka inamangidwa nkhondo ili mkati, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1940. Mkuwa utakwera mtengo, chiwerengero cha Ayuda chinafika pafupifupi 1,200 pakati pa zaka za m'ma 1950. Stanley Fischer, amene anadzakhala mkulu wa banki yaikulu ya Israel kuyambira mu 2005 mpaka 2013, anabadwira ku Mazabuka mu 1943, kwa makolo a sitolo.

Sitiyenera kuwapaka utoto woyera onse. M'malamulo a atsamunda Ayuda ankawerengedwa ngati Azungu, ndipo anadyerera nawo mwayi umene munthu wakuda ankamanidwa, ngakhale Angelezi ena ankawayang'anira pansi. Roy Welensky, amene bambo ake anali Myuda, ndiye anali msanamira ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nakhala nduna yaikulu yake kuyambira mu 1956 mpaka chinatha mu 1963. Chitaganyacho chisanakhazikitsidwe, Simon Zukas, atamaliza maphunziro a uinjiniya ku Cape Town, anaima pamodzi ndi anthu akuda ku Ndola kutsutsa chitaganyacho. Boma linamutsekera m'ndende ku Livingstone n'kumuthamangitsira ku Britain mu 1952, ndipo anabwerera ufulu utapezeka. Anthu awiriwa akanaikidwa pa bwalo limodzi, palibe nyakwawa ya kuno imene ikanawapatsa mlandu umodzi chifukwa cha mtundu wawo. Nanga mlandu wa tsiku limodzi ku Yerusalemu, zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, ungawagwere bwanji onse awiri, pamodzi ndi zidzukulu zawo?

Funso limeneli mipingo inadzadzifunsa yokha, mochedwa. Amene anaikakamiza kwambiri anali Jules Isaac, Myuda wa ku France, mphunzitsi wa mbiri amene mabuku ake ankagwiritsidwa ntchito m'sukulu za dzikolo. Mkazi wake ndi mwana wake wamkazi anaphedwa ku Auschwitz. Iye anathera zaka zotsala za moyo wake kuwerenga Chipangano Chatsopano ndi zolemba za makolo a mpingo, kufufuza pamene chiphunzitso chonyoza Ayuda chinalowera. Mu 1947 anakhala nawo pa msonkhano wa Akhristu ndi Ayuda ku Seelisberg ku Switzerland, umene unatulutsa mfundo khumi za kalalikidwe ndi kaphunzitsidwe. Bungwe la World Council of Churches linanena ku Amsterdam mu 1948 kuti kuda Ayuda ndi tchimo, ndipo ku New Delhi mu 1961 linachenjeza kuti imfa ya Yesu isasenzetsedwe kwa Ayuda a lero. Papa Yohane XXIII mu 1959 anachotsa mawu onyoza m'pemphero la Lachisanu Loyera lopempherera Ayuda. Pa 13 June 1960 analandira Isaac, ndipo nkhaniyo anaipereka kwa Kadinala Augustin Bea kuti ikalowe mu Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican.

Chikalata cha msonkhanowo, Nostra Aetate, chinavomerezedwa pa 28 October 1965, Zambia ili ndi chaka chimodzi ndi masiku anayi. Maepiskopi 2,221 anachivomera, 88 anakana. Chinanena kuti ngakhale akuluakulu ena a Ayuda anakakamiza kuti Yesu aphedwe, mlanduwo sungaikidwe pa Ayuda onse a nthawi imeneyo, kapena pa Ayuda a lero, ndiponso kuti asaphunzitsidwe ngati anthu okanidwa kapena otembereredwa ndi Mulungu. Episkopi wa Fort Jameson, dayosizi imene Minga inali pansi pake, pa nthawiyo anali Firmin Courtemanche. Zambiri za msonkhano umenewu zinafika mpaka kumudzi. Misa inasiya Chilatini, ng'oma zinalowa m'tchalitchi, wansembe anatembenuka kuyang'ana anthu, ndipo pambuyo pake inabwera miphakati. Koma ndime iyi ya Ayuda ikuoneka kuti inatsalira m'njira. Ndikuganiza kuti abusa ndi ansembe a kuno anaiona ngati nkhani ya ku Ulaya, poti kwathu kulibe Ayuda. Kunena zoona anali ndi zambiri zowapanikiza. Koma chiphunzitso chakale chija chinafika kuno kulibenso Ayuda, ndipo chinamera. Chochikonza chake chinayeneranso kufika.

Pamene mipingo ya ku Ulaya inali kulapa, Ayuda a m'Zambia anali kuchepa. Palibe amene anawapirikitsa, ndipo ichi ndi chinthu choti dziko lino linyadire. Ena anachoka chitaganya chitatha. Mfundo za chuma zimene Kenneth Kaunda analengeza ku Mulungushi mu April 1968 zinapereka malonda a m'masitolo ambiri kwa nzika zokha, ndipo mabanja amene anali ndi mapasipoti a kunja anagulitsa n'kupita. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975 enanso anatsatira. Ana opita kusukulu ku South Africa, Britain kapena Israel ankakwatira konko osabwerera. Mu 1973 Zambia inadula ubale ndi boma la Israel, monga anachitira mayiko ambiri a mu Africa, koma Ayuda otsala muno anapitiriza malonda ndi mapemphero awo popanda wowavuta.

Pa mwambo wawo, mapemphero ena a pagulu amafuna amuna khumi. M'matauni a ku migodi khumiwo anasowa, masunagoge n'kutsekedwa. Apa m'pamene Council for Zambia Jewry inabadwira mu 1978. Ntchito yake inali ya wolondera chuma cha masiye: kusunga nyumba za mipingo imene yatha, kulambula ndi kumangira mipanda manda a ku Livingstone, Lusaka ndi ku migodi, kuthandiza okalamba ndi osowa, ndi kulankhulira Ayuda kwa boma. Masunagoge ena anachititsidwa lendi kwa matchalitchi ndi masukulu. Rabi wokhazikika panalibenso. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pansi pa bungwe la African Jewish Congress, Rabi Moshe Silberhaft wa ku Johannesburg ndiye ankabwera pa maliro, maukwati ndi kuona manda. Michael Galaun, mwana wa Abe, anatsogolera bungwelo zaka zambiri, ndipo pambuyo pake udindo unagwera Simon Zukas.

Zukas pa nthawiyo anali atadutsa kale m'ndale za dziko. Anali mmodzi mwa oyambitsa MMD mu 1990, anapambana mpando wa Sikongo mu 1991, nakhala nduna m'boma la Frederick Chiluba, ndipo anatula pansi udindo mu 1996 potsutsa kusintha malamulo kumene kunatsekereza Kaunda kupikisana nawo. Chiluba yemweyo ndiye anabwezeretsa ubale ndi Israel kumapeto kwa 1991, nalengeza pa 29 December chaka chomwecho kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Kuchokera pamenepo dzina la Israel lakhala lokoma m'kamwa mwa Akhristu ambiri. Mbendera yake imapachikidwa m'matchalitchi ena, ndipo opeza bwino amapita kukabatizidwa mu Yorodano. Chondidabwitsa n'chakuti munthu yemweyo amene amapempherera Israel mu January amalalikira mu April kuti Ayuda anakana Mpulumutsi wawo n'kumupha, ndipo n'chifukwa chake akhala akuvutika. Chikondi chotere chimakonda dzina la m'Baibulo, munthu wamoyo osamudziwa. Palinso ena amene akakwiya ndi zochita za boma la Israel ku Gaza, zomwe munthu aliyense ali ndi ufulu wozidzudzula, amathamangira kunena kuti n'zosadabwitsa poti ndi omwe anapha Yesu. Boma lidzudzulidwe pa zimene lachita lero, ndi maina a amene azichita. Kukokerapo mtanda ndi kudzutsa mlandu umene mipingo inauthetsa.

Ine sindikupempha kuti sewero la Lachisanu Loyera lithe, kapena kuti Yohane asawerengedwe. Ndikupempha mphindi ziwiri zokha za katekisiti kapena mkulu wa mpingo, kuwerenga kusanayambe, zouza anthu kuti amene akupachikidwayo ndi Myuda, amayi akulira patsinde pa mtandawo ndi Ayuda, ndipo asilikali okhoma misomali ndi Aroma. Amene amaphunzitsa abusa ku Justo Mwale ndi ansembe ku St. Dominic's ku Lusaka zimenezi amazidziwa bwino. Chosowa ndi chakuti zitsike kufika pa tchalitchi cha udzu cha kwa Sandwe kapena kwa Nyamphande, kumene Lamulungu lambiri amene amaima kutsogolo ndi mlimi wa mtedza amene anadzipereka kutsogolera anzake.

Ayuda okhala m'Zambia atatsika kufika pa makumi owerengeka, bungwe linagamula zogulitsa nyumba zake ndi kugwiritsa ntchito ndalamazo pothandiza anthu. Gawo lina linaikidwa padera kuti manda azisamalidwa ngakhale eni ake atatha. Malo osungirako mbiri yawo, Gateway Jewish Museum, anatsegulidwa mu 2013 mkati mwa Railway Museum ku Livingstone. Gawo lina la ndalamazo linapita ku sukulu ya udokotala ya Copperbelt University ku Ndola, pamodzi ndi mgwirizano wotumiza ophunzira ena ku Tel Aviv University. Simon Zukas anamwalira pa 27 September 2021 ali ndi zaka 96, ndipo boma la Hakainde Hichilema linamuchitira maliro a boma.